"Bola akusewera": kodi kumudzi mwana amayamba liti kutchedwa wodwala?

Mayi Nkhoma (namwino): Mwaswera bwanji nonse a ku Mchinji kuno. Ndili ndi funso lomwe likundisowetsa mtendere, ndipo ndikupempha makolo a kumudzi mundiyankhe mosabisa. Ana ambiri amene amafika kwa ife atafookeratu, ukafunsa mayi kuti wayamba liti, amati dzulo. Ukafunsitsa bwino umapeza kuti thupi linayamba kutentha Lolemba, kudya anasiya Lachitatu, koma tsiku limene mayi akuwerenga ndi lija mwana anagona osadzukanso. Mayiyo sakunama ayi, kwa iye matenda ayambadi dzulo. Pomwe amayi a pa Boma kapena pa Kamwendo amabwera mwana atangotentha usiku umodzi. Ndiye ndiuzeni, kumudzi mwana amaoneka bwanji kuti munene kuti uyu wadwala?

Amake Tadala: Zikomo mayi. Ine ndiyankhe monga mayi wa ana asanu, ndimakhala mkati kwa a T/A Dambe. Kwathu mwana akatentha thupi koma akuyamwa, akusewera ndi anzake pabwalo, timati bola. Timagula panado pa okala, timamubenthulira, tiona mawa. Mawa akadzuka n'kumwa phala, nkhani yatha. Kudwala kwenikweni ndi pamene wakana bere, kapena maso atembenuka. Sikuti ana athu sitiwakonda. Koma mukati kutentha kulikonse tizinyamuka, ndiye kuti mu Januwale ndi Febuluwale sindingapalire ngakhale mzere umodzi, chifukwa miyezi imeneyo sabata siitha popanda mwana kutentha m'nyumba muno.

Gift (Area 25, kwathu kwa Mlonyeni): Pepani amayi, koma ine ndinena zomwe ena akuopa kunena. Uwu ndi umbuli basi. Chipatala cha boma ndi chaulere. LA, mankhwala a malungo aja, ndi waulere. Munda ungapose moyo wa mwana? Anthu omwewo maliro akachitika ndalama ya bokosi amaipeza tsiku lomwelo.

Amake Tadala: Achimwene, ya bokosi imapezeka chifukwa mudzi wonse umasonkha. Ya kabaza wopita kuchipatala ndani amakusonkhera?

Bambo Tembo (wa kabaza): Funso limenelo ndi langa. Ine ndimayendetsa njinga yamoto mbali ya ku Mkanda. Zaulere zomwe akunena a Gift zimayambira pa geti la chipatala. Kuti ufike pa getipo ndi ndalama, ndipo mafuta adakwera, sitingachitire mwina. Nthawi ya dzinja msewu ukathyoka kapena mtsinje wa Rusa ukadzaza timazungulira, mtengo umakwera. Amayi amene amandiimbira usiku ndi aja mwana wakomoka. Sindinaimbiridwepo ndi munthu wa kumudzi kuti mwana akungotsokomola. Ambiri amandilipira atagulitsa nkhuku kapena ndowa ya mtedza yomwe amasungira mbewu. Ena ndimadikira mpaka adzakolole soya.

A Zulu (mlangizi wa zaumoyo): Ndalowa mochedwa, ndinali ku sikelo. A Gift, mawu oti umbuli ndimawamva kawirikawiri, koma ine amene ndimalowa m'nyumba zimenezi ndikuona china. Mayi wa kumudzi amadziwa kuti malungo amapha. Ambiri anaikapo mwana kapena mdzukulu. Chimene chimachitika n'chakuti munthu ukamaona chinthu tsiku ndi tsiku umasiya kuchiona. Pamudzi pamene ana onse ali ndi chimfine chosatha, mimba zotupa, zipere m'mutu, mayi ayerekeza mwana wake ndi ndani kuti aone kuti china chake chalakwika? Amayang'ana wa aneba, ali chimodzimodzi. Ndiye amati ndi mmene ana amakhalira.

Kupinimbira ndiye kumandiwawa kwambiri. Kafukufuku wa boma wa 2015-16 anapeza kuti ana 37 mwa 100 aliwonse osafika zaka zisanu m'dziko muno ndi opinimbira, ndipo kumidzi ndi ochuluka kuposa m'tauni. Koma ndikamuyeza mwana pa thabwa lija n'kuuza mayi kuti msinkhu wake sukugwirizana ndi zaka zake, yankho limakhala lakuti "kwathu ndife aafupi, watengera agogo ake." Agogo akewonso mwina anapinimbira ali ana. Palibe mayi amene anabwerapo kwa ine kudzadandaula kuti mwana wanga sakutalika. Kwa iye si matenda, ndi mtundu.

Gift (Area 25): Ndiye si umbuli womwewo a Zulu? Mwangoutchula dzina lina.

A Zulu (mlangizi wa zaumoyo): Ayi achimwene. Umbuli ukanatha ndi maphunziro, ndipo maphunziro timapereka pa sikelo iliyonse, nyimbo amayimba bwinobwino, zizindikiro zoopsa amazitchula pamtima. Koma munthu amene alibe njira yochitira kanthu amaphunzira kusaona vutolo, chifukwa kuliona osatha kulichitira kanthu kumapweteka. Inu ku Lilongwe mwana akatentha mumakwera minibasi, ola limodzi mwabwerako. Kuona kwanu kuti mwana wadwala sikukuwonongerani kanthu. Mayi wa kuno akangovomereza mumtima kuti mwanayu wadwala, wavomerezanso kutaya ganyu wa tsikulo, kusiya ana ena opanda wowaphikira, kukongola ya kabaza. Ndiye mtima umamuuza kuti dikira kaye, mwina ndi mano akumera.

Mayi Nkhoma (namwino): Za mano zimenezo! Mwana akutsekula m'mimba masiku atatu, liwombo lalowa, mayi akuti ndi mano. Abale anga, liwombo likalowa ndiye kuti madzi atha m'thupi. Si la kumata mankhwala pamutu ayi. Afunika Thanzi ORS ndi zinki, apitirize kuyamwa, ndipo ngati akukanika kumwa athamangire naye.

Gogo Nabanda (akundilembera mdzukulu): Ana inu mundimvere nanenso. Ine ndabereka khumi, amoyo ndi asanu ndi mmodzi. Masiku athu chikuku chinkalowa m'mudzi n'kutenga ana atatu sabata imodzi. Ndiye ife tinakula tikudziwa kuti mwana sumuwerengera mpaka atayenda. Lero mukuti agogo ndi amene amaletsa atsikana kupita kuchipatala. Nthawi zina n'zoona, timati dikira tione, chifukwa ife tinaona ana akutentha n'kuchira okha kambirimbiri. Koma musaiwale kuti ndife omwe timatsala ndi ana enawo mayi akagonekedwa, ndife timapereka kankhuku kathu. Mtsikana wa zaka 17 wabereka mwana woyamba, akudziwa chiyani? Afunsa ife. Ngati mukufuna zisinthe, muziphunzitsa ifeyo, osati kumangoitana amayi a ana okha ku sikelo ife n'kumatinena kumbali.

Mayi Nkhoma (namwino): Agogo, mwanena zoona ndipo ndazimva. Zomwe mukukumbukazo zili m'mabuku. Mu 1992 ana 234 mwa 1,000 obadwa amoyo ankamwalira asanafike zaka zisanu m'Malawi muno. Pofika 2015-16 anali 63. Ndiye amene analera ana nthawi ya 234 ija ali ndi muyeso wawo wa matenda, ndipo ndi omwe akulangiza atsikana lero. Sindikuwada. Koma muyesowo unapangidwa nthawi imene kunalibe zoyezera malungo pa chala, kunalibe LA, amene anabwera mu 2007.

Aphunzitsi a Mbewe: Ndiloleni ndikhotetseko pang'ono, chifukwa nonse mukukamba matenda amene amapha msanga. Ine ndimaphunzitsa Sitandade 2 pa sukulu ina ya kumudzi. Muli ana m'kalasi mwanga amene khutu limatuluka mafinya chaka chonse, amabwera atatsekamo kathonje kapena kansanza. Wina amakhala kutsogolo koma saona pa bolodi, amakopera kwa mnzake. Wina amagwa khunyu, anzake amathawa poganiza kuti ndi yopatsirana, pomwe siipatsirana ndipo mankhwala ake alipo kuchipatala. Anyamata amene amasamba m'madambo amakodza magazi, amaseka okhaokha, sauza munthu. Mano obowoka ndiye osanena. Ndikaitana kholo, limandiyang'ana modabwa: "Aphunzitsi, mwanayu akudya, akuyenda, kusukulu akubwera, ndikauze adokotala kuti chavuta n'chiyani?" Mwana wa khutu uja akalephera mayeso kawiri amati ndi wopanda nzeru, amutulutsa akawete mbuzi. Chonsecho sankamva zomwe ndikunena. Ana opitirira zaka zisanu ndiye aiwalidwiratu, chifukwa sikelo anamaliza, kabuku kawo kanatayika kalekale.

Amake Tadala: Aphunzitsi, za khutuzo zandikhudza, wanga wachitatu ali choncho. Ndinapita naye kamodzi, ndinayenda kuyambira mbandakucha, ndinakhala pa mzere mpaka dzuwa kupendeka. Nditalowa anandiuza kuti mankhwala ake atha, ndikagule ku famase ya pa Boma. Anandikalipiranso kuti mwana ndi wakuda, bwanji sindinamusambitse. Ndinabwerera ndi pepala lokha. Mukuganiza kuti khutu likayambanso ndinganyamuke? Ndimapukuta ndi kansalu basi. Chipatala sinditchula, koma amene ananditero akudzidziwa.

Mayi Nkhoma (namwino): Pepani kwambiri mayi. Sindingaikire kumbuyo zimenezo. Timakhala ochepa, mzere wautali, ena mwa ife timatopa n'kulankhula zosayenera, ndipo mawu amodzi otero amabweza mudzi wonse, chifukwa inu mukafika kwanu mumafotokozera anzanu pa mjigo. Koma khutulo musalisiye. Mafinya a nthawi yaitali amaboola mkati, mwana amagontha. Kupukuta mukuchita bwino, muzipota kansalu koyera n'kuumitsa, osathiramo mafuta kapena madzi a masamba. Koma afunika aonedwenso.

Gift (Area 25): Chabwino, za mzere ndi mankhwala kutha ndavomera. Koma nanga zija zoti mwana akatupa mapazi amati ndi tsempho? Pamenepo mtunda ukulowa bwanji? Mwana wa mlongo wanga anatupa, m'malo mopita kuchipatala anakhala pansi akuluakulu kufunsa bambo ake kuti anayenda ndi ndani. Sabata yathunthu ikutha akuzenga mlandu.

Gogo Nabanda (akundilembera mdzukulu): Tsempho iliko mwana wanga, usanyoze.

A Zulu (mlangizi wa zaumoyo): Agogo, ine sindilimbana ndi mwambo, ndipo m'midzi yanga ndimawauza kuti mlandu wa tsempho kambani, koma mwana akhale ali kuchipatala. Chifukwa kutupa mapazi onse awiri, tsitsi kufiira n'kumasosoka, khungu kusupuka, ife timakupeza mwa ana amene chakudya sichikukwanira m'thupi, ndipo akalandira chiponde kapena mkaka wa kuchipatala uja amaphwa. A Gift, taonani nthawi imene tsempho imachuluka. Ndi Januwale mpaka Malichi, nkhokwe zitatha, phala lili la ufa woyera wopanda nsinjiro. Boma la Mchinji limalima mtedza wambiri, koma umagulitsidwa wonse kwa mavenda mu Meyi ndi Juni kuti apeze ya feteleza ndi fizi. Ndiye n'chapafupi banja kunena kuti wina wasempha mwana kusiyana n'kunena pagulu kuti m'nyumba muno mulibe chakudya. Manyazi a umphawi ndi aakulu. Mayi amabisa mwana wonyentchera kumbuyo ndi chitenje, sabwera naye ku sikelo, kuopa kuti anzake amuseka lamba woyezera pamkono uja akafika pofiira.

Bambo Tembo (wa kabaza): Komanso abambo tisadzichotsemo. Ndalama imakhala m'thumba mwathu. Mayi akhoza kuona kuti mwana sali bwino, koma bambo ali ku esiteti kapena wapita ku Chipata kukagulitsa zinthu, foni sikugwira. Mayi sangagulitse mbuzi yekha. Kwa ife a chikamwini uyeneranso kudziwitsa amalume ake a mwana, eni mbumba, chifukwa chikachitika china panjira adzakufunsa kuti unauza ndani. Pofika poti onse avomere, dzuwa lalowa kawiri.

Aphunzitsi a Mbewe: Zomwe anena a Zulu zoti munthu amaona vuto akakhala ndi pogwira, ine ndinaziona ndi maso. Mtukula Pakhomo anayambira kuno ku Mchinji mu 2006 asanafalikire maboma ena. Agogo ena oyandikana nane, olera ana amasiye, atayamba kulandira, ana omwe aja amene kale "sankadwala" anayamba kupita nawo kuchipatala pafupipafupi. Anthu ankati ndalama zabweretsa matenda. Ayi ndithu, matendawo analipo kale, chomwe chinabwera ndi ya kabaza.

Mayi Nkhoma (namwino): Ndi chifukwa chake ndimati chithandizo chikayandikira, maso a makolo amatseguka okha. A Zulu, tafotokozerani anthu za kiliniki ya m'mudzi, ena pano sakudziwa kuti ilipo.

A Zulu (mlangizi wa zaumoyo): Zikomo. Kuyambira cha m'ma 2008 boma linayamba kuphunzitsa alangizi a m'madera ovuta kufikako kuti tiziona ana a miyezi iwiri mpaka osafika zaka zisanu m'mudzi momwemo. Timayeza malungo pa chala, akapezeka timapereka LA. Kutsekula m'mimba timapereka ORS ndi zinki. Chibayo timawerenga mpweya kwa mphindi imodzi: mwana wa miyezi 2 mpaka 11 akapuma ka 50 kapena kuposa, wa chaka chimodzi mpaka zinayi ka 40 kapena kuposa, ndiye kuti akupuma mothamanga, timayamba amoxicillin. Kumene kiliniki yotere ikuyenda bwino, amayi omwe aja a "bola akusewera" amabwera tsiku loyamba, chifukwa ndi pafupi, amasiya mphika pamoto n'kubwerera usanapse. Anthu ndi omwewo, nzeru ndi zomwezo, chasintha ndi mtunda.

Vuto lake ndinene ndekha. Mlangizi mmodzi amayenera kuyang'anira anthu 1,000, koma ambiri tili ndi oposa pamenepo. Ena sakhala m'dera lawo chifukwa kulibe nyumba, amachokera pa trading, ndiye mwana akatentha Loweruka usiku palibe womuona. Bokosi la mankhwala nalo limauma. Ndipo khanda losakwana miyezi iwiri sitilipatsa mankhwala m'mudzi, limenelo likangotentha, kuzizira kapena kusiya kuyamwa ndi la kuchipatala nthawi yomweyo, ngakhale chikuta chisanathe.

Amake Tadala: Kwathu mlangizi amabwera Lachiwiri lokha. Ndiye LA akatipatsa, mwana akayamba kusewera tsiku lachiwiri timasunga wotsalayo kuti adzathandize wina. Ndikudziwa mudzandikalipira.

Mayi Nkhoma (namwino): Sindikukalipirani, ndikumvetsa chifukwa chake. Koma LA ndi kawiri pa tsiku kwa masiku atatu, amalize onse. Kusewera sikutanthauza kuti tizilombo tatha. Malungo obwerezabwereza osamalizidwa bwino ndi amene amamaliza magazi, mwana amangoyera m'manja ndi m'zikope pang'onopang'ono, pakhomo osazindikira chifukwa mukumuona tsiku lililonse. Amafika kwa ife akufunika kuikidwa magazi, ndipo magaziwo ndi a ku chipatala chachikulu, ulendo winanso. Muziyerekeza chikhatho cha mwana ndi chanu kunja kukuwala.

Chinanso, katemera wa malungo. Mchinji inali m'gulu la maboma oyamba kulandira pamene anayamba mu 2019. Amabaya pa miyezi 5, 6 ndi 7, wachinayi mwana akuyandikira zaka ziwiri. Wachinayiyo ndi amene ambiri sabwerera, chifukwa mwana wayamba kuyenda, kubereka kumbuyo walemera, mwinanso mayi ali ndi pakati pena. Katemerayu satchinga malungo onse, neti ndi yofunikabe.

Gift (Area 25): Ndamva abale. Mawu oti umbuli aja ndawabweza, ngakhale za tsempho zija mtima wanga sunatsike. Nanga zipatala za mishoni, ku Kapiri, ku Guilleme, ku Ludzi, si zili pafupi ndi anthu ambiri?

A Zulu (mlangizi wa zaumoyo): Zili pafupi ndipo zimathandiza kwambiri, koma ndi za CHAM, bungwe la zipatala za mipingo, zimalipiritsa. Pali mgwirizano umene boma limapanga ndi zina mwa izo kuti amayi oyembekezera, ndipo malo ena ana aang'ono, azithandizidwa ulere. Funsani pa chipatala chanu kuti mgwirizanowo ukukhudza ndani, chifukwa pali makolo amene amadutsa chipatala chapafupi poopa bilu yomwe mwina sakanalipira n'komwe.

Gogo Nabanda (akundilembera mdzukulu): Kale kunali magulu a MaiMwana, tinkakhala pansi pa mtengo amayi ndi agogo, kukambirana tokha chimene chikupha ana m'mudzi mwathu. Palibe amene ankatikalipira. Ife tinagwirizana kusonkha kandalama kosungira odwala, tinalimanso dimba la masamba. Zimenezo zinandisintha kuposa zonena za pa wailesi, chifukwa amene ankati "mwana wakoyu sali bwino" anali mnzanga wa pamtondo.

Aphunzitsi a Mbewe: Mabanki a m'mudzi alipo pafupifupi paliponse tsopano, ndipo ambiri ali ndi kathumba ka zadzidzidzi. Koma kamatuluka pa maliro. Bwanji osalemba m'malamulo a gulu kuti mwana akatentha thupi mayi atenge ya kabaza tsiku lomwelo, osadikira tsiku la msonkhano? Ine ndikayankhula ku gulu la akazi anga Lamlungu.

Amake Tadala: Pepani ndikudulani. Pamene timakambiranamu ndinapita kwa mnzanga woyandikana naye. Mwana wake wa chaka ndi miyezi inayi anamusiyitsa bere mwezi watha chifukwa mayi ali ndi pakati. Mapazi akuoneka onenepa koma manja ndi oonda, sakusewera, amangolira pang'onopang'ono. Apongozi ake akuti akunenepa. Nditani?

A Zulu (mlangizi wa zaumoyo): Mwachita bwino kupita. Dinikizani ndi zala zazikulu pamwamba pa mapazi onse awiri, muwerenge mpaka katatu pang'onopang'ono, muchotse. Mutiuze ngati patsala dzenje.

Amake Tadala: Latsala, mapazi onse. Likuchedwa kubwerera.

Mayi Nkhoma (namwino): Ameneyo si wodikira Lachiwiri. Apite lero, kukadali kowala. Amufunditse bwino panjira chifukwa ana otere amazizidwa msanga, azimupatsa tamadzi ta shuga pang'onopang'ono ngati akumeza, asamumwetse mankhwala ena aliwonse. Atenge kabuku kake ka kuchipatala, ndi ka mayi komwe. Mayi akonzekere kuti mwina agonekedwa masiku angapo. Apongoziwo musakangane nawo, apempheni apite nawo limodzi akamve okha. Amene mwasowa wofunsa, kuli Chipatala Cha Pa Foni, kuimba ndi ulere.

Bambo Tembo (wa kabaza): Kwa Dambe ndi kutali ndi kumene ndili, koma ndili ndi mnzanga amaima pa Kapiri. Mayi, ndilembereni kumbali dzina la mudzi ndimutume. Za ndalama tidzakambirana mwana akafika.

Gift (Area 25): Ya mafuta nditumiza ine pa foni ya a Tembo. Amake Tadala, ana ena a mnzanuyo atsala ndi ndani?

Amake Tadala: Agona kwanga. Bambo ake a mwana tawapeza ku dimba, avomera. Akumanga katundu panopa.